Kalata yotseguka: Mapanelo a sola tagula, nanga amisiri owasamalira tiwatenga kuti?

Olemekezeka a Nduna yoona za ntchito ndi maluso, akuluakulu a bungwe la TEVETA loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndi inu nonse amene mukutsogolera makoleji a ntchito zamanja m'dziko muno,

Landirani moni wanga waulemu. Ine ndine mmisiri wa zamagetsi. Ntchitoyi ndinaiphunzira pa koleji ina mwa makoleji amene mukuyang'anira, ndipo kwa zaka zambiri tsopano ndakhala ndikulandira achinyamata ochokera m'makoleji omwewo, amene amabwera pamalo panga kudzazolowera ntchito asanalembe mayeso awo omaliza. Ndasankha kukulemberani poyera chifukwa nkhani imene ili pamtima panga ikukhudza makolo amene amagulitsa mbuzi kuti mwana apite kukoleji, alimi amene akudalira pampu ya sola kudimba, komanso amayi oyembekezera amene amachilira m'zipatala zing'onozing'ono za kumudzi kumene magetsi a ESCOM sanafike. Nkhaniyo ndi yakuti dziko lathu lagula ndiponso lalandira zipangizo zambiri zogwiritsa ntchito mphamvu ya dzuwa ndi zina zoteteza chilengedwe, koma silinaphunzitse manja okwanira oti aziika zipangizozo moyenera, kuzisamalira ndi kuzikonza zikawonongeka, ndipo malo oyenera kuphunzitsira manjawo ndi makoleji anu.

Ndiyambe ndi zimene ndinaona ndi maso anga. Zaka zingapo zapitazo ndinaitanidwa kuchipatala china chaching'ono cha kumudzi kwathu, kumene anamwino anali atabwerera kuchiritsa amayi ndi kuwala kwa tochi ya pafoni, ngakhale padenga panali mapanelo a sola owoneka atsopano. Filiji yosungira katemera inali itazima kwa miyezi, moti katemera ankachita kukamutenga kuchipatala chachikulu pa njinga yamoto. Anthu anali atagamula kale kuti sola ndi chinthu chosalimba. Nditakwera padenga ndinapeza kuti mapanelowo analibe vuto lililonse kupatula fumbi la miyezi yambiri ndi nthambi ya mango imene inkawaphimba masana. Vuto lenileni linali pansi: wina, pofuna kuthandiza, anadula controller, kachipangizo koyang'anira magetsi olowa m'mabatire, imene inali itapsa n'kulumikiza mapanelo molunjika kumabatire, ndipo mabatirewo anaphikika mpaka kufufuma. Amene anaika zipangizozo anachokera kutali, anagwira ntchito yawo masiku atatu n'kubwerera, ndipo m'dera lonselo munalibe munthu wodziwa kuti kachipangizo kamtengo wochepa kaja ndiko kamateteza mabatire amtengo wapatali. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo pa nkhani ya sola mwambiwu ndimaukumbukira pafupifupi mwezi uliwonse, chifukwa zimene ndinapeza pachipatala chija ndazipezanso m'masukulu, pamijigo ya sola ndi m'nyumba za anthu amene anasonkhanitsa ndalama movutikira.

Mukudziwa bwino kuposa ine chifukwa chake dziko lino silingachitire mwina koma kutembenukira ku mphamvu zina. Magetsi athu ambiri amachokera pamtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana atagumula damu la ku Kapichira, tinataya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi, ndipo kwa nthawi yopitirira chaka owotcherera, ometa, a zigayo ndi osoka ankakhala manja ali m'thumba kudikira kuti magetsi ayake. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 alionse ndiwo ankawunikira ndi magetsi a mawaya, ndipo ngakhale chiwerengerochi chakwera kuchokera nthawiyo, midzi yambiri idzayamba kuona babu loyaka kudzera mu sola osati kudzera m'mapolo. Malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 ku Salima anayamba kugwira ntchito mu 2021, ndipo a ku Golomoti, a mamegawati 20 okhala ndi mabatire akuluakulu osungira mphamvu, anatsatira mu 2022. Ku Bondo m'boma la Mulanje midzi ikuyatsa magetsi ochokera mumtsinje wa Lichenya, ndipo ku Sitolo m'boma la Mchinji mudzi uli ndi magetsi akeake a dzuwa. Zonsezi ndi ntchito, ndipo ndi ntchito zimene zidzafuna amisiri kwa zaka makumi awiri kapena kuposerapo, pakuti panelo la sola limakhalitsa pamene batire, inverter (yosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a ESCOM) ndi pampu zimafuna kuyang'aniridwa ndi kusinthidwa nthawi ndi nthawi.

Sindikunena kuti palibe chimene chachitika. Ndikudziwa kuti maphunziro oika sola ayambika m'makoleji ena, kuti Mzuzu University yakhala ikutulutsa akatswiri a za mphamvu zongowonjezereka kwa zaka zambiri, ndiponso kuti ntchito ya SAVE, imene Banki Yaikulu Padziko Lonse inavomereza mu 2021 ndi ndalama zokwana madola 100 miliyoni, inabwera kudzathandiza makoleji ndi mayunivesite kukulitsa maphunziro a maluso. Ndikuyamikira zimenezi ndi mtima wonse. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti maluso osamala chilengedwe akuonedwabe ngati phunziro lapadera, loyamba pamene abwenzi akunja abweretsa ndalama n'kuzilala pamene ndalamazo zatha, pomwe mwana amene walowa koleji kukaphunzira zamagetsi, zomangamanga, zamapaipi, zamafiliji kapena zokonza galimoto akuphunzirabe ntchito yake monga mmene ine ndinaiphunzirira kalekale. Katswiri wa kuyunivesite akhoza kujambula pulani ya magetsi a mudzi wonse, koma sadzakhala m'mudzimo kuti azikwera padenga batire ikasiya kudzaza. Wokhala m'mudzimo ndi mnyamata kapena mtsikana wa satifiketi ya kukoleji ya ntchito zamanja.

Ndiloleni ndifotokoze mmene achinyamata amene mumanditumizira amabwerera. Ambiri ndi akhama, aulemu, ndipo amadziwa kuyala mawaya m'nyumba yolandira magetsi a ESCOM, kuika ma socket ndi kulumikiza bokosi logawa magetsi. Koma ndikawapatsa banja lenileni, lokhala ndi mababu asanu, wailesi ya kanema, mafoni anayi ndi filiji yaing'ono, n'kuwauza kuti awerengere mphamvu imene banjalo limagwiritsa ntchito patsiku kuti tidziwe kukula kwa panelo ndi batire zoti tigule, ochepa okha ndiwo amafika pa yankho. Ena sanamvepo kuti kuno kwathu, popeza tili kummwera kwa mzere wa equator, panelo liyenera kuyang'ana kumpoto ndi kupendekeka pang'ono kuti mvula izitsuka fumbi. Ena sadziwa kuti batire ya galimoto sinapangidwire ntchito ya sola, kapena kuti batire yamtovu ikamakhuthulidwa kupitirira theka tsiku ndi tsiku imafa msanga. Ambiri amadabwa ndikawauza kuti pa magetsi a mavoti 12 waya wochepa thupi amadya mphamvu panjira ndipo akhoza kutentha mpaka kuyatsa denga laudzu. Izi si nzeru zakuya zofuna digiri. Ndi zinthu zimene mwana amazigwira msanga ngati wazichita ndi manja ake kangapo, ndipo ndikawafunsa amandiuza kuti sola anaiphunzira pabolodi, mwina n'kuona panelo limodzi limene kalasi yonse inalizungulira tsiku limodzi.

Vutoli sindikuliika pa aphunzitsi. Ambiri mwa iwo ndi anzanga, ena tinaphunzira limodzi, ndipo ndikudziwa mmene amavutikira. Mphunzitsi amene anamaliza maphunziro ake mabatire a lithium asanafike m'masitolo athu sangaphunzitse mwana kusiyana kwa kasamalidwe ka batire yotere ndi yamtovu ngati iye mwini sanapatsidwe mpata woigwira. Maphunziro a masiku atatu kuhotela, okhala ndi zithunzi pakhoma ndi satifiketi pamapeto, sasintha mphunzitsi wa ntchito zamanja. Chimene chimamusintha ndi miyezi ingapo ali mu ovolosi pamalo pamene ntchitoyo ikuchitikadi, kaya ndi ku Golomoti, kaya ndi pakampani yoika mapampu a sola, kaya ndi pamalo omanga pamene akugwiritsa ntchito njerwa zosawotcha. Ndikupempha kuti kutumiza aphunzitsi kumalo otere kukhale gawo lokhazikika la ntchito yawo, lolembedwa mu ndondomeko ya chaka ndi kulipiridwa, ndipo kukwezedwa kwawo pantchito kuziganizirako zimenezi. Tikapanda kuyambira pa mphunzitsi, silabasi yatsopano idzangokhala pepala lina m'kabati ya ofesi.

Tsopano ndifike pamene ndikufuna kukhalitsapo, chifukwa anthu ambiri akamva za maluso osamala chilengedwe amangoganiza za sola, pomwe mmisiri amene ali ndi mphamvu yaikulu pa nkhalango zathu ndi womanga nyumba. Aliyense amene wayenda m'mbali mwa mizinda yathu m'chilimwe waona mauvuni a njerwa akufuka, ndipo pambali pa uvuni uliwonse pali mulu wa zipika za mitengo yachilengedwe imene inatenga zaka zambiri kuti ikule. Mu 2018 boma linakhazikitsa malamulo, kudzera ku bungwe loyang'anira zomangamanga la NCIC, oletsa kugwiritsa ntchito njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi zikuluzikulu zamalonda, n'kulimbikitsa mabuloko a simenti ndi njerwa zadothi zopanikizidwa ndi makina zosakaniza simenti pang'ono. Lamuloli ndi labwino, koma lamulo siliumba njerwa. Njerwa yadothi yopanikizidwa imalimba pokhapokha ngati woumbayo akudziwa kuyesa dothi kuti aone kuchuluka kwa mchenga ndi dongo, akudziwa muyeso wa simenti ndi madzi, ndipo ali ndi kudekha koiphimba ndi kuithirira kwa masabata angapo isanapite pakhoma. Akalakwitsa chimodzi mwa izi njerwayo imanyenyeka mvula yoyamba, mwini nyumba n'kuuza mudzi wonse kuti njerwa zosawotcha n'zachabechabe, ndipo chaka chotsatira mauvuni amachuluka. Chimodzimodzinso mabuloko a simenti amene akuumbidwa m'mbali mwa misewu: ena amaphwanyika ukangowagwetsa kuchokera m'chiuno, chifukwa woumbayo anafuna kutulutsa mabuloko ambiri pathumba limodzi la simenti. Ngati mwana aliyense wotuluka m'kalasi ya zomangamanga ku Lilongwe, Namitete, Salima, Soche, Nasawa, Mzuzu ndi Livingstonia atamatuluka ataumba yekha njerwa zoterezi, kuziyesa kulimba kwake ndi kumanga nazo chipupa chimene chaona dzinja, mitengo yambiri ingapulumuke kuposa imene timadzala pa miyambo ya nyengo yodzala mitengo.

Womanga yemweyo ndiye amagamula ngati nyumba idzapirire namondwe. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 600 m'chigawo cha kummwera, ena mazanamazana osapezeka mpaka lero, ndipo tonse tikukumbukira matope amene anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, komanso napolo amene anasesa midzi ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Palibe mmisiri amene angamange nyumba yoimitsa phiri likamagumuka. Komabe nyumba zambiri zimene zinagwa kutali ndi mapiri zinagwa chifukwa cha zinthu zimene mmisiri wophunzira bwino akanazipewa: maziko osazama, zipupa zomangira dothi popanda pulasitiki yoletsa chinyezi kukwera, kusowa kwa lamba wa konkire womanga zipupa pamodzi pamwamba pa mazenera, denga losamangiriridwa bwino kukhoma, ndi khonde lalifupi losateteza chipupa ku mvula yamphepo. Boma lili ndi buku la malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba lofotokoza zonsezi. Pempho langa n'lakuti zimene zili m'bukulo zikhale mbali ya mayeso amanja a womanga aliyense ndi kalipentala aliyense, moti mwana asapatsidwe satifiketi ngati sangathe kuonetsa mmene denga limamangiriridwira kuti mphepo isalinyamule, ndiponso ngati sangathe kuuza mwini malo mwaulemu kuti pamene akufuna kumangapo ndi panjira ya madzi.

Za amisiri a mapaipi ndinene mwachidule. Ulimi wamthirira ndi mijigo yokoka madzi ndi sola zikuchuluka, ndipo pampu zambiri zimapsa chifukwa palibe amene anayesa kuchuluka kwa madzi amene mjigo ungapereke pa ola asanasankhe pampu, kapena chifukwa kachipangizo kozimitsa pampu madzi akatsika sikanaikidwe. Pulambala wa lero ayenera kudziwa magetsi pang'ono, ndipo wamagetsi ayenera kudziwa madzi pang'ono, choncho makalasi awiriwa azikumana pa ntchito imodzi asanamalize maphunziro.

Amisiri a mafiliji ndi makina oziziritsa m'nyumba ali ndi nkhani yawoyawo imene ikukhudza moyo wawo weniweni. Malawi analowa nawo m'pangano la Montreal la 1987 loteteza mlengalenga, ndiponso anavomereza kusintha kwa panganolo kumene kunachitikira ku Kigali mu 2016, kotero mipweya yakale yoziziritsira monga R22 ikuchotsedwa pang'onopang'ono. Mafiliji ambiri atsopano a m'nyumba akubwera ndi mpweya wa R600a, umene suwononga mlengalenga ngati yakale ija koma umayaka moto. Mmisiri amene anazolowera kutulutsira mpweya m'chipinda n'kuyatsa moto wowotcherera paipi nthawi yomweyo akuika moyo wake pachiswe akachita zomwezo pa filiji yatsopano. Koleji imene ilibe makina okokera mpweya wakale m'botolo, sikelo yoyezera mpweya wolowa ndi chida chofufuzira pamene pakudontha ikutulutsa mmisiri wa mafiliji amene akutha m'masitolo. N'chimodzimodzi ndi amakanika: galimoto zogwiritsa ntchito petulo ndi batire limodzi, zochokera ku Japan, zadzaza m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre, ndipo mawaya ake amtundu wa lalanje amanyamula magetsi okwanira kupha munthu. Ndaonapo amakanika aluso akubweza galimoto zotere chifukwa choopa, ndipo ndaonaponso ena akuzigwira ndi manja osavala chilichonse chifukwa chosadziwa.

Pali chinthu china chimene sindinamvepo chikukambidwa mokwanira, ndicho mapeto a zipangizozi. Batire iliyonse imene tikuika lero idzafa, ndipo m'misika yathu mabatire akufa amatsegulidwa ndi chikwanje, asidi wake n'kuthiridwa m'ngalande, mtovu wake n'kusungunulidwa pambaula pamalo pamene ana akusewera. Mtovu umawononga ubongo wa mwana ndipo kuwonongekako sikubwerera. Tikamaphunzitsa achinyamata kuika sola osawaphunzitsa kusunga ndi kubweza batire yakufa kumalo oyenera, tidzakhala titachotsa utsi wa koloboyi m'nyumba n'kuika chiphe pabwalo. Phunziroli silifuna zipangizo zodula, limangofuna kuti lilembedwe mu silabasi ndi kufunsidwa pamayeso.

Mudzandifunsa za ndalama, ndipo funsolo n'loyenera. Chiyambire pamene lamulo lokhazikitsa TEVETA linaperekedwa mu 1999, olemba anthu ntchito akhala akupereka msonkho wa maphunziro a ntchito zamanja, umene pano ndi 1 peresenti ya malipiro a antchito awo. Ife amene timapereka msonkhowu sitidandaula kuupereka tikaona mwana wobwera pamalo athu ali wokonzeka. Ndikupempha kuti gawo lodziwika la ndalamazi lipatulidwe kuti ligulire zipangizo zophunzitsira maluso amenewa, ndipo chaka chilichonse muzilengeza poyera kuti koleji yakutiyakuti yalandira mapanelo angati, mamita oyezera magetsi angati, makina oumbira njerwa angati. Ndikunena za zipangizo zimene ophunzira aziloledwa kumasula, kulakwitsa ndi kumanganso, osati zotsekeredwa m'chipinda kudikira alendo. Ndiponso pali njira imene sifuna ndalama zambiri zatsopano: makoleji enieniwo amavutika ndi kuzimazima kwa magetsi, amagula nkhuni zophikira ophunzira ndipo amalipira madzi. Sola ya pakoleji iziikidwa ndi kusamaliridwa ndi ophunzira a zamagetsi moyang'aniridwa ndi aphunzitsi awo, mbaula zazikulu zosawononga nkhuni za kukhitchini zizimangidwa ndi ophunzira a zomangamanga ndi owotcherera, ndipo matanki okolola madzi a mvula aziikidwa ndi ophunzira a mapaipi. Dziko lino linadziikira cholinga chofikitsa mbaula zosawononga nkhuni 2 miliyoni m'mabanja pofika 2020, ndipo chitetezo mbaula youmbidwa ndi amayi m'midzi inafalikira m'maboma ambiri, choncho n'zomvetsa chisoni kupeza khitchini ya koleji yophunzitsa maluso ikuphikabe pamafuwa atatu.

Makoleji a m'madera, amene anayamba mu 2015 pamene koleji ya Ngara ku Karonga inatsegulidwa, ndiwo ali pafupi kwambiri ndi kumene zipangizozi zikufera. Mwana wophunzira kumeneko kawirikawiri amakhalabe m'boma lakwawo akamaliza, ndipo ndiye angafike pamjigo wowonongeka ndi njinga yakapalasa tsiku lomwelo. Ndikupempha kuti koleji iliyonse ya m'dera igwirizane ndi khonsolo ya boma lake kuti ophunzira, pamodzi ndi mphunzitsi wawo, aziyendera sola za m'zipatala, m'masukulu ndi pamijigo ya m'deralo teremu iliyonse, kupukuta mapanelo, kuyeza mabatire ndi kulemba zimene apeza. Ophunzirawo adzaona mavuto enieni amene buku silingawaonetse, ndipo khonsolo idzadziwa za batire yofooka filiji ya katemera isanazime. M'makoleji amenewa muyesetsenso kukopa atsikana. Amene amayenda mtunda kukatola nkhuni ndi kutunga madzi ndi iwowo, ndipo mwa achinyamata amene ndawaphunzitsa ntchito, atsikana ochepa amene anafika pamalo panga anali osamala kwambiri poyeza ndi polemba, zimene ndi theka la ntchito ya sola. Chimene chimawabweza ambiri ndi kusowa malo ogona otetezeka pakoleji ndi mawu onyoza a pamalo a ntchito, ndipo zonse ziwirizi zili m'manja mwanu ndi mwathu kuzikonza.

Musaiwale amisiri amene ali kale pantchito popanda pepala lililonse. Sola zambiri za m'nyumba za anthu sizinaikidwe ndi omaliza makoleji, zinaikidwa ndi anyamata a pamsika amene anaphunzira poonera, amene amakonzanso mafoni ndi mawailesi. Ena mwa iwo ali ndi manja abwino kuposa ine, koma palibe anawaphunzitsa kuwerengera kukula kwa waya kapena kuteteza nyumba ku mphenzi. Kuwathamangitsa sikungathandize, pakuti ndiwo okhawo amene anthu akumudzi angawapeze ndi kuwakwanitsa kulipira. TEVETA ili kale ndi njira yoyesa ndi kuvomereza luso limene munthu analiphunzira kunja kwa kalasi. Njirayi ifike m'misika ya m'maboma, ndi maphunziro afupiafupi a madzulo kapena a Loweruka, ophunzitsidwa m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao malinga ndi dera, pamtengo umene munthu wopeza ndalama za tsiku ndi tsiku angathe. Ndipo mukambirane ndi bungwe la MERA, limene limapereka ziphaso kwa oika magetsi, kuti satifiketi ya kukoleji ndi chiphaso chogwirira ntchito zikhale panjira imodzi yomveka, mwana asamamalize maphunziro n'kuyambanso kuzungulira m'maofesi osadziwa khomo loti agogode. Mwini nyumba akadziwa kuti pali chiphaso chimene angafunse asanalole munthu kukwera padenga lake, amisiri eni ake adzayamba kufunafuna maphunzirowo.

Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amatchula kutukula luso la anthu ndi kusamalira chilengedwe pakati pa zinthu zimene zidzathandize dziko kufika kumene likufuna. M'mapepala ziwirizi zili m'mitu yosiyana ndipo zimayang'aniridwa ndi maunduna osiyana, koma pantchito zimakumana mwa munthu mmodzi, amene wagwira sipanala kapena chopangira pulasitala. N'chifukwa chake pempho langa lomaliza likupita kwa inu a Nduna, kuti mukalitule kwa anzanu oona za mphamvu, zaumoyo, zamaphunziro, zamadzi ndi zaulimi, pakuti iwowa ndiwo amagula zipangizo zambiri. Kontrakitala aliyense wopatsidwa ntchito ya boma yoika sola, pampu kapena yomanga ndi njerwa zosawotcha azilamulidwa m'pangano lake kutenga ophunzira a koleji yapafupi kuti agwire naye ntchitoyo kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza, kusiya pulani ya mawaya ndi buku la kasamalidwe pamalopo, ndiponso kulemba dzina la mmisiri wa m'deralo amene adzaitanidwe zinthu zikavuta. Pachipatala chija ndinasiya nditaika controller yatsopano ndi mabatire ena, ndipo ndinatenga mnyamata wina wa m'mudzimo, amene anali atamaliza Fomu 4, n'kumuonetsa kupukuta mapanelo ndi kuwerenga mita. Mpaka lero amandiimbira foni akaona nambala imene sakuimvetsa, ndipo wakhala akundifunsa kuti ndi koleji iti yapafupi imene ingamuphunzitse ntchitoyi mokwanira n'kumupatsa pepala. Ndikufuna kuti chaka chamawa ndidzathe kumutchulira dzina la kolejiyo, ndipo pamalo panga ndidzapitiriza kulandira ophunzira ndi aphunzitsi amene mudzanditumizire.

Ine wanu mwaulemu,

Mmisiri wa zamagetsi, wolandira ophunzira a m'makoleji a ntchito zamanja